Tiyanjane Alephera Kunena Kuti Ayi

Mutu Wachinayi

1. Sukulu yopanda belu

Tiyanjane adafika ku Oshawa, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, chaka cha sukulu chili pakati. Kwawo ku Ntcheu adasiya ali Folomu 4, ndipo mtima wake udali pa unamwino kuyambira ali kamtsikana. Kusekondale ya pafupi ndi nyumba yawo adamulandira bwino, ndipo adalimbikira mpaka adamaliza maphunziro onse, kupatula limodzi. Kalasi ya kemisitiri idali itadzaza pamene iye ankafika.

Phunziro limodzi lomwelo ndilo lidaima pakhomo la koleji ngati chitsa pakati pa njira. Koleji inkafuna zotsatira zake isanatseke kulandira ophunzira atsopano. Zikachedwa, Tiyanjane adayenera kukhala pakhomo chaka china chathunthu.

Mlangizi wa pasukulupo ndiye adamuuza za sukulu ina ya pa intaneti, imene zotsatira zake koleji inkazilandira. Loweruka lina amalume ake, a Medson, adabwera kuchokera ku Markham kudzamuthandiza kulembetsa. Adajambula pasipoti ndi zikalata za kusukulu, n'kuzitumiza pa laputopu yomweyo. Posakhalitsa dzina lake lidaoneka pa sikirini, ndipo m'munsi mwake mudatulukira nkhope ya bambo wa imvi, a Howard, amene adati ndiwo mphunzitsi wake.

"Basi, ndalowa sukulu chomwechi?" adafunsa Tiyanjane. "Opanda ndi yunifolomu yomwe?"

A Medson sadaseke. Adavula magalasi, n'kuwaika patebulo.

"Mphwanga, undimvere bwino. Sukulu walowayi ilibe belu, ilibe mpanda, ilibe ahedi oima pachipata. Ku Ntcheu ukachedwa ankakupatsa chikwanje kuti ukatchetche, n'chifukwa chake unkathamanga. Kuno palibe wokuthamangitsa. Koma ulesi sindikuuopa pa iwe, ndimakudziwa. Chimene ndikuopa ndi ife tomwe, anthu akwanu. Ife tikaona mwana wavala yunifolomu, wabereka chikwama, timati siyani mwana apite kusukulu. Koma tikamuona wakhala pampando m'nyumba, wamanga chitenje, timati akungokhala. Udzamva, 'Tiya tatenga ichi, Tiya tayang'ana uko.' Sadzachita mwankhanza ayi. Adzachita chifukwa maso awo sakuiona sukuluyo. Munda wopanda malire anthu amalambulamo njira, ndipo amadutsa akukupatsa moni. Ukafuna kudzakolola, malirewo uike wekha, ndi pakamwa pako."

"Achimwene, mukumuopseza mwana," adatero mayi ake, a Hilda, akuvala nsapato zakuntchito. Ankasamalira okalamba kunyumba ina yosungirako nkhalamba, ndipo nthawi zambiri ankachoka kusanache.

"Sindikuopseza, ndikunena," adayankha a Medson.

Tiyanjane adagwada pang'ono n'kuthokoza. Mawuwo adawamva, koma maso ake adali pa sikirini.

2. Akungokhala pakhomo

Masabata oyamba adayenda bwino. M'mawa ankaonera a Howard akuphunzitsa pa kanema, masana ankalemba ntchito n'kutumiza. Kunja chipale chofewa chinkagwa, iye ali chete pa tebulo lake.

Kenaka nkhani idamveka kutchalitchi.

Woyamba kuimva adali anti Christabel, namwino wochokera ku Chipata. Sadali m'bale wawo wamagazi, koma adali woposa abale ambiri. Tiyanjane ndi mayi ake atangofika m'dziko lino, iwo ndiwo adawasunga m'chipinda chapansi cha nyumba yawo kwa miyezi ingapo. Majekete a nyengo yozizira adawagulira ndi iwo. Ngakhale ntchito ya a Hilda adaipeza ndi iwo omwe.

"Sukulu ya pa laputopu?" adafuula anti Christabel atatuluka m'mapemphero. "Ndiye iwe uli bwino, mwana wanga! Ife tinali kuyenda wapansi kupita kusukulu, manje iwe uphunzirira pa bedi. Ba Hilda, mwana wanu uyu ni bwana!"

Amayi onse adaseka, Tiyanjane nayenso adaseka.

Lolemba lake anti Christabel adagogoda pakhomo atanyamula mwana wawo Conrad, wa zaka ziwiri. Wolera mwana adali atadwala. "Kanthawi chabe," adatero. Sabata yotsatira adabweranso naye kawiri, ndipo posakhalitsa kachikwama ka matewera a Conrad kadapeza malo ake kuseri kwa chitseko.

Conrad adali mwana wokondwa, koma wosakhazikika. Ankakwera chilichonse chokwereka. Tiyanjane adaphunzira kuwerenga atamubereka kumsana, akugwedezeka uku ndi uku patsogolo pa laputopu. Ntchito zina adayamba kuzitumiza mochedwa. A Howard atamufunsa ngati pali vuto kunyumba, iye adayankha kuti palibe.

A Hilda ankaona, koma ankafika atatopa, ndipo mwana wawo sankadandaula. "Ukukwanitsa?" ankafunsa.

"Ndikukwanitsa, amayi."

Maphunziro atayandikira kumapeto, a Howard adakumana ndi ophunzira onse pa kanema kuti awafotokozere za mayeso omaliza. Adayankhula pang'onopang'ono kuti aliyense amve. Mayeso adzalembedwa kunyumba, koma woyang'anira adzakhala akuona kudzera pa kamera kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wophunzira adzakhale yekha m'chipinda. Asadzayankhule ndi munthu, asadzaimirire, asadzachoke pamaso pa kamera. Wophwanya lamulo mayeso ake adzaimitsidwa pomwepo.

"Tilibe njira ina yodziwira kuti walemba ndiwe," adatero a Howard. "Mpando umenewo ndiwo holo yako ya mayeso."

Mayeso a Tiyanjane adali Lachinayi m'mawa.

3. Foni ya Lachitatu

Lachitatu masana, akubwereza zolemba zake, foni idalira. Woimba adali anti Christabel.

"Tiya, mwana wanga, uli bwanji? Mvera, andipatsa shifiti ya m'mawa mailo, ndipo wolera uja akali kudwala. Nizamusiya Conrad popita."

"Anti, mawa ndili ndi mayeso," adatero Tiyanjane, mawu ake ali pansi ngati akupepesa.

"Mayeso a pa laputopu paja? Aa, si uli m'nyumba momwemo? Conrad savuta iwe, umudyetse phala, agona yekha. Iwe uzilemba, iye azigona. Si choncho?"

Apa mpamene Tiyanjane adayenera kufotokoza za kamera, za woyang'anira ndi za lamulo losachoka pampando. Koma kwawo mwana sabweza mawu a munthu wamkulu kawiri, ndipo jekete limene lidapachikidwa patsogolo pake lidali lomwe lija adamugulira anti Christabel.

"Chabwino, anti," adatero.

"Ndiwe mwana wa ulemu iwe. Mulungu akudalitse."

Foni itaduka, adakhala akuiyang'ana. Adafufuza nambala ya amalume ake, chala chidafika pa dzina lawo, koma adaibweza m'thumba. Madzulo mayi ake adafika akutsimphina ndi kutopa, adadya pang'ono n'kukagona. Tiyanjane adaima pakhomo la chipinda chawo kanthawi, kenaka adabwerera osanena kanthu.

4. Mpando ukukwekwerezeka

Lachinayi kudacha kuli mitambo. A Hilda adachoka m'mamawa atamupempherera. Pasanapite nthawi anti Christabel adafika, adamutula Conrad pakhomo n'kuthamangira ku galimoto.

Tiyanjane adawiritsa madzi m'ketulo, adakonza phala, adamudyetsa mwana mpaka adakana yekha. Adamubereka n'kumayenda naye m'nyumba, akumuimbira chapansipansi. Mutu wa Conrad utalemera pamsana, adamugoneka pa sofa pabalaza, n'kumutchinga ndi mapilo. Adalowa kuchipinda, adatseka chitseko mosamala, n'kuyatsa laputopu.

Woyang'anira adali mayi wa nkhope yosaseka koma ya mawu ofatsa. Adamuuza kuti aonetse chiphaso, kenaka azungulitse kamera chipinda chonse: pansi pa tebulo, pabedi, kuseri kwa chitseko.

"Uli wekha?" adafunsa m'Chingerezi.

"M'chipinda muno ndili ndekha," adayankha Tiyanjane.

Mafunso oyamba adali odziwika. Adayamba kulemba. Koma khutu limodzi lidali pabalaza. Galimoto yochotsa chipale idadutsa pamsewu ikuchita phokoso, iye adamvetsera. Padalibe kulira. Adapitiriza.

Atafika pakatikati pa mayeso, adamva pilo ikugwa. Kenaka timapazi.

"Tiya?"

Tiyanjane sadatembenuke. Maso adali pa sikirini, koma zilembo zidayamba kusambira.

"Tiyaa!" Tizanja tidamenya chitseko. Conrad adayamba kulira, kulira kwa mwana amene wadzuka n'kupeza kulibe munthu.

Uthenga udatulukira pakona pa sikirini: woyang'anira ankafunsa ngati m'nyumbamo muli munthu wina. Tiyanjane adangoloza ku chitseko ndi mutu, n'kuweramira pa funso lake. Adawerenga mzere umodzi katatu osamva kanthu.

Kenaka kulira kudaleka.

Aliyense amene adalerapo mwana amadziwa kuti kulira sikuopsa ngati chete. Tiyanjane adatchera khutu. Adamva mpando ukukwekwerezeka pansi, pang'onopang'ono, kulowera kukhitchini. Ndipo adakumbukira ketulo ija, ili m'mphepete mwa kabati, madzi ake asanazizire.

Padatsala mafunso ambiri. Kamera idali ikumuyang'ana ndi kadiso kake kobiriwira.

"Pepani," adatero, n'kudzambatuka.

Adamupeza Conrad ataima pampando, atagwira chingwe cha ketulo ndi manja onse awiri, akukoka. Tiyanjane adamutsomphola ndi dzanja limodzi, linalo n'kukankha ketulo. Chivundikiro chidatseguka, madzi adamukhuthukira pa dzanja n'kumwazikira pansi. Mwana sadakhudzidwe ngakhale dontho. Adangodzidzimuka n'kuyamba kuliranso, atamukakamira m'khosi.

Tiyanjane adathira madzi ozizira pa dzanja mwachangu, n'kuthamangira kuchipinda mwana ali m'chiuno. Mafunso adali atachoka pa sikirini. Padatsala nkhope ya woyang'anira yokha.

"Mwanayo ali bwino? Nanga iwe?" adafunsa mayi uja.

"Ali bwino. Chonde, ndipitirize. Sindinaone buku, sindinafunse munthu."

"Ndikumva. Koma unachoka pa kamera, ndipo tsopano suli wekha m'chipindamo. Ine ndilibe mphamvu yotsegulanso mayesowa. Ndilemba zimene ndaona, aphunzitsi ako ndiwo agamule."

Sikirini idada. Conrad adaloza laputopu n'kunena kuti, "Yatha!"

Masana anti Christabel adabwera kudzatenga mwana wawo ali pa changu, injini ya galimoto ikulira panja.

"Mayeso yayenda bwanji? Sanakuvute uyu?"

Tiyanjane adabisa dzanja lake m'chitenje. "Zayenda bwino, anti."

"Si ninakuuza? Conrad ni mngelo!"

5. Mawu a amayi

A Hilda adafika dzuwa likulowa. Adapeza pansi pa khitchini pokolopedwa, mwana wawo atakhala pampando, dzanja lili m'mbale ya madzi. Adavula jekete, adatenga dzanjalo n'kuliyang'anitsitsa pa kuwala monga amachitira ndi okalamba awo. Khungu lidali lofiira, ndi timatuza tiwiri pafupi ndi chala chachikulu. Adalimanga ndi bandeji yoyera.

"Tsopano ndiuze," adatero.

Tiyanjane adafotokoza zonse, kuyambira foni ya dzulo mpaka ketulo ndi zimene adauza anti Christabel masana. Pomaliza adawaonetsa uthenga umene a Howard adatumiza madzulo omwewo. Ankafuna kukumana naye pa kanema mawa m'mawa, kholo lake lili pomwepo. Akakhutira ndi zimene amve, adzamulola kulemba mayeso ena nthawi yomweyo, pa malamulo omwe aja. Mwayi wachitatu sudzakhalapo, ndipo zotsatira zidayenera kupita kukoleji sabata yamawa.

A Hilda adawerenga uthengawo mpaka kumapeto. Atayamba kuyankhula, sadakweze mawu.

"Mwanawe, podzuka pampando paja sunalakwe. Ukanakhala pansi n'kumalemba mwana wa mwini akupsa, bwenzi lero ndikuchita nawe manyazi, ngakhale ukanakhoza kuposa onse. Mayeso amabwerezedwa, nkhope ya mwana sibwerezedwa. Kulakwa kwako n'kwa dzulo. Unadziwa lamulo, Christabel sanalidziwe, inenso sunandiuze. Unanyamula nkhuni ndi madzi pamutu umodzi, n'kumati ndifika. Taona tsopano, mayeso agwa, ndipo mwana akanapsa. Ukuganiza kuti Christabel akanakuthokoza chifukwa cha ulemu wakowo, atapeza mwana wake ali m'chipatala?"

Tiyanjane adapukuta misozi ndi dzanja labwinolo.

"Tinakuphunzitsa kugwada, tinakuphunzitsa kusabweza mawu a akulu, ndipo sindikuti uzitaye zimenezo chifukwa wafika kuno. Koma ulemu si kuvomera ndi pakamwa mtima ukukana. Umenewo ndi mantha, ndipo mantha amabala bodza. Masana ano wamuuza kuti zayenda bwino. Limenelo ndi bodza, mwana wanga, ngakhale unalinena utagwada. Munthu wamkulu ukamulemekeza umamuuza zoona, kuti naye aone chochita nthawi ilipo. Ukanamuuza dzulo momveka, akanadandaula, inde, koma akanaimbira anthu ena. Kutchalitchi kuli amayi angati? Christabel anatichitira zazikulu, ndipo tidzamuthokoza mpaka kukalamba. Koma sanatisunge m'nyumba mwake kuti iwe udzalephere sukulu. Iyenso ndi namwino. Anadutsa pa mayeso kuti afike pamene alipo."

"Amayi, muwauze ndinu," adachonderera Tiyanjane. "Inu akumverani."

"Ine ndiimbira kuntchito kuti mawa ndichedwa, ndikhala nawe pamaso pa aphunzitsi ako. Imeneyo ndi mbali yanga. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndikakuyankhulira lero, mawa kukoleji adzakuyankhulira ndani? Kuchipatala dokotala akadzalakwitsa mankhwala, udzati chabwino adokotala chifukwa ndi wamkulu? Tenga foni. Umuuze za mayeso, umuuzenso za ketulo. Mwana ndi wake, ayenera kudziwa."

Tiyanjane adatenga foni. Adaimba. Idangoitana kamodzi, anti Christabel n'kuyankha, mawu awo ali odzaza ndi chimwemwe.

"Tiya! Wachita bwino kutuma foni, nenze nifuna kukutumira ine. Mvera, popeza lero zayenda bwino so, mailo nizamubweretsa futi m'mawa. Nauzako na mnzanga wa ku Whitby, ali na ka mwana kamodzi chabe, kofatsa. Azasewera awiri, iwe uzapumulako."

Tiyanjane adayang'ana mayi ake. A Hilda adali atapinda manja, akuyang'ana pa zenera.

"Anti," adayamba, koma mawu adatuluka ngati a kamwana. Adayambanso. "Anti, pepani. Mawa sinditha."

"Wati bwanji?"

"Sinditha kumusunga Conrad mawa, ngakhale mwana winayo. Ndipo masana aja ndinakunamizani. Sizinayende bwino. Mayeso anga anaimitsidwa chifukwa ndinachoka pa kamera, ndipo ndinachoka chifukwa Conrad anakwera pampando n'kukoka ketulo ya madzi otentha. Sanapse, ndapsa ndine, pang'ono. Ndikanakuuzani dzulo kuti sizitheka. Ndinachita mantha."

Ku mbali inayo kunkamveka wailesi ya kanema patali, ndi kamawu ka Conrad kakuimba nyimbo yosamveka. Tiyanjane adadikira, foni itamatira kukhutu.

Mawu a anti Christabel atabwerera, kuseka kuja mudalibe.

"Amai ako alipo?"

"Alipo, anti."

"Apatse foni."

A Hilda adachoka pa zenera, adakoka mpando n'kukhala pafupi ndi mwana wawo, kenaka adatambasula dzanja kuti alandire foni.